Milomo Yatseka Kale, Mawu Akubwerabe: Kulunzanitsa Mawu Ojambulidwa Padera ndi Kanema

Unali ukwati wa m'mawa, tchalitchi chitadzaza mpaka pakhomo. Kamera ndinaiimika kumbuyo kwa mabenchi, ndipo karekoda kanga ndinakalumikiza ku mikisa, makina amene maikolofoni onse amalowamo, kuti mawu a abusa amveke bwino. Usiku womwewo ndinaika zonse pa kompyuta, nkulunzanitsa mawu ndi zithunzi poyambira, nkuonera mphindi zitatu. Zonse zinali m'malo mwake. Patapita masiku, mayi a mkwatibwi anandiimbira foni. "Achimwene, kanemayu ngwabwino ndithu, koma bwanji mwana wanga akulankhula ngati mafilimu omasulira aja a ku vidiyo sho?" Nditatsegulanso, ndinapeza kuti pofika pa malumbiro, milomo ya mtsikanayo imatseka kaye, "inde" wake nkumabwera pambuyo ngati wachedwa basi. Mawu anali atatsalira ndi mafelemu 5; felemu ndi kachithunzi kamodzi mwa tizithunzi totsatizana timene timapanga kanema.

Kulakwa kwanga kunali kuyang'ana poyambira pokha. Vutoli lili ndi nkhope zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake. Musanakhudze kalikonse, onerani malo atatu: poyambira, pakati ndi kumapeto. Ngati mawu asiyana ndi milomo mofanana ponseponse, ndiye kuti anangoikidwa pamalo olakwika. Ngati kusiyanako kukunka kukula, pali mawotchi awiri amene sakugwirizana. Ngati zili bwino kwa kanthawi kenako nkudumpha mwadzidzidzi, pali chinachake chimene chinadulidwa kapena kusowa panjira. Ambiri amataya usiku wonse akukankhira mawu uku ndi uku chifukwa akuchiza nthenda yachiwiri ndi mankhwala a yoyamba.

Poyeza, musadalire khutu lokha. Funani mawu amene ali ndi p, b kapena m, monga "bambo", "pamodzi", "mbumba". Pa zilembo zimenezi milomo imatsekeka kenako nkutseguka, ndiye mukamasuntha felemu imodziimodzi mumaona bwino pamene phokoso liyenera kutulukira. Kuwomba m'manja, ndodo yogunda ng'oma kapena chitseko chomenyetsedwa ndi zizindikiro zabwino koposa.

Kusiyana kofanana kuyambira poyamba mpaka kumapeto

Iyi ndi nthenda yosavuta: gwirani mawu onse, asunthireni kutsogolo kapena kumbuyo, basi. Koma pali misampha itatu imene imapusitsa ngakhale akatswiri.

Woyamba ndi mtunda. Aliyense amene anakulira kumudzi anaonapo mayi akusinja patali: musi umagunda mu mtondo, phokoso nkufika pambuyo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Kamera ikakhala mamita 20 kuchokera pa guwa, maikolofoni yake imamva mawu atachedwa ndi mamilisekondi 58 (sekondi imodzi ndi mamilisekondi 1000), pamene felemu imodzi pa liwiro la mafelemu 25 pa sekondi ndi mamilisekondi 40. Pa bwalo la msonkhano, mamita 40 ndi mafelemu pafupifupi 3. Tsono pulogalamu ikamalunzanitsa yokha, imayerekeza mawu a rekoda ndi mawu a kamera, amene anachedwa kale. Mafunde a mawu adzaoneka atakhala bwinobwino pamzere umodzi, koma milomo ikutsogolabe. Apa khulupirirani chithunzi, musunthe mawu abwere msanga pang'ono.

Wachiwiri ndi mahedifoni a Bluetooth. Amachedwetsa mawu, nthawi zambiri ndi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a sekondi. Mukaedita mutavala amenewo, mudzakonza vuto limene kulibe, ndipo kanema wanu adzatuluka mawu ali patsogolo. Gwiritsani ntchito mahedifoni a waya, ngakhale otchipa a pamsika.

Wachitatu ndi mtundu wa fayilo. MP3 ndi AAC zimawonjezera kachete kochepa kumayambiriro kwa fayilo, ndipo si pulogalamu iliyonse imene imadziwa kukachotsa. Kachete ka AAC kamatha kufika pafupifupi felemu imodzi. Jambulani mu WAV, ndipo mukatsuka mawu tulutsaninso WAV.

Nthawi zina malo oyenera amagwera pakati pa mafelemu awiri, mukasuntha kumanja mwapitirira, kumanzere mwaperewera. Mu pulogalamu yoeditira ya Premiere Pro yatsani Show Audio Time Units pa timeline, mzere umene mumayalapo zidutswa za kanema ndi mawu, kuti musunthe mawu pang'onopang'ono kuposa felemu. Mu DaVinci Resolve pitani pa tsamba la Fairlight. Ngati mulibe mwayi umenewu, siyani mawu atsalire pang'ono m'malo motsogola. Muyeso wa bungwe la ITU, loona za matelefoni, wailesi ndi TV pa dziko lonse, umati anthu amayamba kuzindikira mawu akatsogola ndi mamilisekondi 45 okha, koma akatsalira amayamba kuzindikira pa 125. Ubongo unazolowera kuona mphezi kaye, bingu pambuyo. Mawu otsogola ndi amene amaoneka achilendo msanga.

Kusiyana kumene kukunka kukula

Apa mpamene ndinagwera ine. M'kati mwa kamera muli kawotchi kowerengera nthawi, m'kati mwa rekoda mulinso kena, ndipo tiwiriti sitiyenda ndendende mofanana. Tikasiyana ndi magawo 50 okha pa miliyoni, pa ola limodzi kusiyanako kumakwana sekondi 0.18, amene ndi mafelemu 4 ndi theka. Pa kanema wa nyimbo wa mphindi 4 simungazindikire. Pa ulaliki, pa mwambo wa maliro kapena pa chinkhoswe chotenga masana onse, mudzaziona basi. Sikuti chipangizo chanu chawonongeka ayi, ndi mmene zimakhalira.

Kukula kwa kusiyanako kumakuuzani gwero lake, choncho yezani. Mafelemu ochepa pa ola ndi mawotchi aja. Masekondi 3.6 pa ola ndi chizindikiro chakuti penapake liwiro la mafelemu 29.97 pa sekondi latengedwa ngati 30, kapena 23.976 ngati 24; manambala okhala ndi tizidutswawa anachokera ku TV ya mitundu ya ku America ya mu 1953, ndipo mpaka lero akutisokoneza. Masekondi 2 ndi theka pa mphindi iliyonse ndi 25 yowerengedwa ngati 24. Masekondi pafupifupi 5 pa mphindi, mawu a munthu nkusinthanso, bambo kumalankhula ngati kamnyamata kapena mayi kumveka besi, ndiye kuti fayilo ya 44.1 kHz yawerengedwa ngati 48 kHz kapena mosemphanitsa; manambalawa ndi liwiro limene rekoda imajambulira mawu. Pa mitundu itatu yomalizayi musatambasule mawu. Bwererani mukakonze mmene pulogalamu ikuwerengera fayiloyo. Pa liwiro la mafelemu, mu Premiere Pro ndi pa Interpret Footage, mu Resolve ndi pa Clip Attributes.

Ndinenepo pang'ono za 44.1 ndi 48, poti pali mphekesera yakuti kungosakaniza ziwirizi kumabweretsa vuto nthawi zonse. Mapulogalamu a masiku ano amatembenuza okha bwinobwino. Komabe 48 kHz ndiye muyeso wa kanema, 44.1 ndi wa ma CD, ndiye ikani rekoda yanu pa 48 kuti muchotse chokayikitsa chimodzi. Chimodzimodzi makamera onse a pa mwambo umodzi akhale pa liwiro limodzi. Kwathu kuno magetsi ndi a 50 Hz, choncho 25 kapena 50 ndi amene amapewa kuphethira kwa mababu m'chithunzi.

Kukonza kusiyana kwa mawotchi kuli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya masamu. Lunzanitsani poyambira, pitani kumapeto, werengani mafelemu amene mawu atsalira. Tinene kuti chidutswa ndi cha mphindi 40, amene ndi masekondi 2400, ndipo mawu atsalira ndi mafelemu 6, amene ndi sekondi 0.24. Mukagawa 0.24 ndi 2400 mupeza 0.0001, ndiye liwiro la mawu likhale 100.01 peresenti. Akanakhala kuti atsogola, likanakhala 99.99. Mu Premiere Pro mutha kulemba nambalayi pa Speed/Duration, kapena kukoka mchira wa mawu ndi Rate Stretch Tool mpaka chizindikiro cha kumapeto chikumane ndi chithunzi. Mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, gwiritsani Change Speed (Audacity yatsopano imaitcha Change Speed and Pitch), imene imakulolani kulemba utali watsopano. Musaope kuti mawu a munthu asintha, kusintha kochepa chonchi palibe khutu lingakumve. Change Tempo ndi imene ingasiye timabala m'mawu popanda chifukwa.

Njira yachiwiri ndi ya lumo, ndipo ine ndimaikonda kwambiri chifukwa wotchi siithawa pa liwiro limodzi nthawi zonse. Chipangizo chikatentha padzuwa chimasintha pang'ono. Mphindi 10 zilizonse funani pamene wolankhula wapuma, mwina abusa akutembenuza tsamba la Baibulo kapena MC akudikira nthungululu zithe. Dulani mawu pamenepo, sunthani chidutswa chotsatira ndi felemu imodzi, ikani crossfade yaifupi pa msoko, kuti mawu ena azizilala ena akulowa. Ola lonse limafuna madulidwe asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo palibe amene adzadziwe.

Ena adzakuuzani kuti mugule tizipangizo ta timecode, topatsa kamera ndi rekoda nthawi yofanana, monga Tentacle Sync kapena Deity TC-1. Ndi tabwino ngati muli ndi makamera ambiri ndi zidutswa mazanamazana, chifukwa timaika chidutswa chilichonse poyambira pake mwamsanga. Koma dziwani kuti timecode imangosonyeza poyambira. Chidutswa chikakhala chachitali kwambiri, mawotchi a m'kati aja amasiyanabe.

Mawu odumphadumpha

Ngati kusiyana kulibe dongosolo, pano mawu atsogola, apo atsalira, funsani kaye: kodi kanemayu anajambulidwa pa foni? Mafoni ambiri sasunga liwiro limodzi. Kukada, kapena foni ikatentha, imachepetsa mafelemu mwakachetechete. Zojambula za pa sikirini zimateronso. Tsegulani fayiloyo mu pulogalamu yaulere ya MediaInfo, muyang'ane pa Frame rate mode. Pakalembedwa Variable, mwampeza wakuba. Ipititseni mu HandBrake, nayonso ndi yaulere, musankhe liwiro loyandikana ndi limene foni inajambulira, muchonge Constant Framerate, ndipo muedite fayilo yatsopanoyo. Chitani izi musanadule kalikonse. Kusintha fayilo mutaedita kale theka la ntchito kuli ngati kusintha maziko nyumba itafika pa mawindo.

Gwero lina ndi mafayilo ogawika. Memori khadi ya FAT32 siilola fayilo yoposa 4 GB, ndiye kamera imagawa kanema m'zidutswa. Marekoda ambiri amagawa pa 2 GB, amene pa 48 kHz, 24-bit, sitiriyo ndi maola 2 ndi mphindi zochepa. Makamera ambiri akale a DSLR amaima okha pa mphindi 29 ndi masekondi 59. Kamera ikaima inu nkuyatsanso, kapena mukasintha batire, pamakhala mpata wa masekondi angapo pamene rekoda inali kupitirizabe. Mukangolumikiza zidutswazo mchira ndi mutu, mawu onse a kutsogoloko asokonekera. Ikani mawu a rekoda pansi ngati msana wosaduka, ndipo chidutswa chilichonse cha kamera chipeze malo ake pamwamba pa msanawo, mipata ikhale mipata. Ndi chifukwa chake pa mwambo sindizimitsa rekoda ngakhale pa nthawi ya zolengeza. Mawu satenga malo ambiri pa khadi, pamene rekoda yozimitsazimitsa imakupatsani mafayilo 15 oti muwasakire malo.

Gwero lachitatu ndi ife eni, ndipo ndi limene ndimaliona kawirikawiri kwa achinyamata amene ndimawathandiza. Munthu amatenga mawu, amawatsegula mu Audacity kuti awatsuke, amapeza pamene wina anatsokomola, nkudinda Delete. Wachotsa chifuwa, inde, komanso wachotsa theka la sekondi, ndipo zonse za kutsogolo zasunthira m'mbuyo. Akachita zimenezi kakhumi, palibenso masamu amene angamupulumutse. Lamulo lake ndi ili: mawu amene adzakumane ndi chithunzi asasinthe utali ngakhale pang'ono. Chifuwa chitontholetseni ndi Silence Audio, Ctrl+L, imene imasiya nthawi ili chimodzimodzi. Truncate Silence musaiyandikire nkomwe. Kuchotsa phokoso, kukweza mawu, kudula kulira kwa magetsi kwa 50 Hz kumene kumalowa kudzera ku mikisa, zonsezi ndi zololedwa chifukwa sizikhudza utali. Potulutsa, tulutsani fayilo yonse kuyambira pa ziro, osati gawo losankhidwa lokha. Mukatumiza mawu ku mapulogalamu a pa intaneti otsuka phokoso, yerekezani utali wa fayilo yobwerayo ndi yoyamba ija musanaiike pa timeline.

Zinali bwino, zasokonekera ndikuedita

Dongosolo labwino ndi kulunzanitsa zonse kaye, kumanga mawu ndi chithunzi pamodzi, kenako nkuyamba kudula. Mu Premiere Pro masulani mawu a kamera, sankhani chithunzi ndi mawu a rekoda, muzimange ndi Link. Kdenlive, Shotcut, Resolve ndi Final Cut Pro zonse zili ndi njira yomangira kapena kuika m'gulu. Chimene chimapha ambiri ndi Ripple Delete pamene thiraki ya mawu ili yokhoma: zithunzi zimasendera kutseka mpata, mawu nkutsala pomwe anali. Mukaona timanambala tofiira pa ngodya ya chidutswa mu Premiere Pro, monga +12 kapena -3, ndi pulogalamu ikukuuzani mafelemu amene mwasemphanitsa. Dinani pamenepo ndi batani la kumanja, musankhe Move into Sync. Koma timanambalato timaoneka pa zidutswa zomangidwa zokha, zomwe ndi chifukwa china chomangira.

Mawu a kamera musawafufute, angotontholetsani. Tsiku lina mudzawafuna poyezera. Komanso musawasiye akulira limodzi ndi a rekoda, chifukwa mawu amodzimodzi akamveka kawiri mosiyana pang'ono, munthu amamveka ngati akulankhulira mu mgolo. Pamene amathandiza ndi pa chisangalalo. Mikisa imangomva amene ali pa maikolofoni, siimva nthungululu za azimayi kapena m'manja mwa anthu pa perekaniperekani. Pamalo otero kwezani mawu a kamera pang'onopang'ono, wolankhula akayambanso atsitseni. Ndipo pamene mwatontholetsa chifuwa paja, pasakhale zii weniweni, amadabwitsa khutu. Jambulani theka la mphindi la mawu a m'chipinda mmene mukujambulira, anthu ali chete, muziika kachidutswa kake pansi pa mabala oterowo.

Pulogalamu ikakana kulunzanitsa yokha

Synchronize ya Premiere Pro, Auto Sync Audio ya Resolve ndi Align Audio to Reference ya Kdenlive zonse zimafuna chinthu chimodzi: kamera ikhale kuti inamvako zimene rekoda inamva. Zimalephera ngati maikolofoni ya kamera inali yozimitsa, ngati mphepo inali kuwomba, kapena ngati munaima pafupi ndi sipika mpaka mawu onse anaphwanyika. Yesani kukweza mawu a kamera, kapena dulani kachidutswa ka mphindi imodzi pamene munthu mmodzi akulankhula momveka, mulunzanitse kameneko, zotsalazo zitsatire. Chenjeraninso ndi nyimbo zobwerezabwereza. Kwaya ikaimba kolasi kanayi, pulogalamu itha kuika kolasi yoyamba pa yachitatu nkukuuzani kuti yatha ntchito.

Mankhwala a zonsezi ndi aulere: kuwomba m'manja kamodzi, mwamphamvu, pamaso pa kamera, poyamba ndi pomaliza. Kwa kumapetoko ndi kumene kumakupatsani muyeso wa masamu aja. Koma ngati rekoda ili ku mikisa, m'manja mwanu muli kumbuyo kwa tchalitchi simudzamveka. Pemphani MC kapena mkulu wa mpingo agogode maikolofoni ndi chala katatu, kamera ikumuona. Anthu adzangoti akuyesa ngati ikugwira.

Za makwaya ndi oimba

Pa kanema wa nyimbo zinthu zimatembenuka: mawu a ku situdiyo ndiwo mfumu, zithunzi ndizo zimasuntha. Musatambasule kapena kudula nyimbo kuti igwirizane ndi milomo. Onetsetsani kuti nyimbo imene mukuliza pojambula ndi yomweyo imene idzakhale mu kanema. Zimachitika kuti mwajambula Loweruka lonse ku nyanja, Lolemba wa situdiyo nkutumiza ina "yokonzedwa bwino" atawonjezera poyambira kapena kusintha liwiro pang'ono. Mufunseni musanapite kokajambula ngati imeneyo ndi yomaliza, ndipo aitumize pa WhatsApp ngati Document kuti ifike mmene ilili. Kumayambiriro kwa fayilo yolizayo ikani kulira kwakufupi katatu, kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi pogwirira.

Mtunda uja umabweranso apa. Sipika ikakhala pafupi ndi kamera, oimba ali mamita 15 uko pa thanthwe, iwo amamva nyimbo itachedwa ndi felemu imodzi, ndipo milomo yawo imachedwa chimodzimodzi. Sipika ikhale pafupi ndi oimba, yobisika kuseri kwa mwala kapena kwa mzere wakutsogolo. Auzeninso aziimba zenizeni, mokweza. Woimba wongoyendetsa milomo amachedwa pa mawu alionse, khosi lake silisonyeza mphamvu, ndipo palibe pulogalamu ingakonze zimenezo.

Mukatulutsa kanema

Tulutsani pa liwiro lomwelo la timeline, mawu pa 48 kHz. Ngati pa laputopu yanu zithunzi zikukakamira mawu nkumathamanga, mwina si kanema amene ali ndi vuto koma kompyuta yalemedwa, makamaka ndi mafayilo a 4K. Pangani ma proxy, amene ndi makope opepuka a mafayilo oti muzieditira, kapena tulutsani kachidutswa ka mphindi imodzi muone ngati vutolo lilimo. Fayilo yomaliza ikopereni pa foni, muionere pa sipika ya foniyo, malo atatu aja: poyambira, pakati, kumapeto. Ngati ndi ukwati, pitani molunjika pa malumbiro, muyang'ane milomo ya mkwatibwi pamene akutchula dzina la mwamuna wake.